Milungu ya Agiriki Yasamukira M'tauni

PULOGALAMU YA MAPHUNZIRO: MABUKU NDI ACHINYAMATA
Kutalika: mphindi 25
Mawu: woulutsa mmodzi

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE]

WOULUTSA:

 Lero nkhani ili pa mabuku amene atenga milungu ya Agiriki akale n'kuiveka majinzi, kuipatsa foni ya m'manja ndi kuikweza njinga yamoto. Ulendowu udutsa ku New York, ukathera kwathu kuno, koma pokhalitsa ndi ku Doha, likulu la dziko la Qatar.

Nyumba ya Empire State Building mumzinda wa New York ili ndi nsanjika 102. Wowerenga aliyense atha kutsimikiza. Koma mwana wa zaka 12 amene wawerenga mabuku a Percy Jackson adzakana kwamtuwagalu. Iye amadziwa kuti mlonda wapakhomo akakhutira ndi zimene wauzidwa amatulutsa kakhadi, chikepe n'kukwera mpaka nsanjika ya 600, kumene kuli phiri la Olympus, mudzi wa Zeus ndi abale ake.

Anthu ena amaona ngati kusamutsa milungu chonchi ndi nzeru yatsopano ya Amereka. Mzinda wa Doha uli ndi umboni woti ntchitoyi inayamba kalekale, ndipo Aarabu anaigwirako zaka 1,000 zapitazo.

[NYIMBO PANG'ONO]

CHIGAWO CHOYAMBA: MZINDA WA ANA A MITUNDU YONSE

Qatar ndi dziko laling'ono la chipululu, lozunguliridwa ndi nyanja mbali zitatu, lokhala ndi anthu pafupifupi 3 miliyoni. Mwa anthu 10 alionse, pafupifupi 9 ndi obwera: a ku India, Nepal, Bangladesh, Philippines, Egypt, Kenya, Uganda ndi kwina. Amalawi nawo alipo. M'kalasi imodzi ya sukulu yophunzitsa m'Chingerezi mumatha kukhala ana amene kunyumba amalankhula zinenero zosiyana, amapemphera mosiyana, ndipo agogo awo anawasimbira nthano zosiyana. Ana otere akafuna nkhani yoti onse aidziwe ndi kukanganirana panthawi yopuma, kawirikawiri amaipeza m'mabuku ndi m'makanema a Chingerezi.

Kowerengera kulipo. Laibulale ya Qatar National Library, m'dera la Education City, inatsegulidwa mwamwambo pa 16 Epulo 2018. Pulani yake anajambula ndi a Rem Koolhaas a ku Netherlands. Munthu akangolowa amaona mashelefu atakwera m'mizere mbali zonse, mabuku oposa 1 miliyoni. Muli chigawo cha ana, chigawo cha achinyamata, ndipo pakati penipeni, pansi pa mamita 6, amasungapo mabuku akale olembedwa pamanja ndi mamapu. Wokhala ndi chiphaso cha dzikolo amalembetsa ulere. Mzindawu umachititsanso chionetsero cha mabuku, Doha International Book Fair, chimene chinayamba mu 1972.

Chakumpoto, m'mbali mwa nyanja, kuli mudzi wa zachikhalidwe wa Katara. Pakati pake pali bwalo la zisudzo lopanda denga, lokhala anthu 5,000, lomangidwa potsanzira mabwalo a Agiriki akale koma ndi zokongoletsa za Chisilamu. Analitsegula mu Disembala 2011, ndipo woimba wamkulu usiku umenewo anali Mgiriki, malemu Vangelis. Dzina la malowa nalo linatengedwa pa mapu a Claudius Ptolemy, katswiri wa ku Alexandria amene ankalemba m'Chigiriki cha m'ma 150 Khristu atabadwa. Omvera asunge dzina la Ptolemy, chifukwa libweranso.

[NYIMBO PANG'ONO]

CHIGAWO CHACHIWIRI: USIKU UMENE NTHANO ZINATHA

A Rick Riordan anabadwa mu 1964 ku San Antonio, m'chigawo cha Texas. Kwa zaka pafupifupi 15 anali mphunzitsi wa Chingerezi ndi mbiri yakale, ndipo ankaphunzitsa ana a msinkhu wovuta uja, ongoyamba kumene kusinkhuka. Pambali ankalemba mabuku a akuluakulu onena za wofufuza milandu.

Mwana wawo wamwamuna ankavutika kusukulu. Anamupeza ndi dyslexia, vuto limene limasokoneza zilembo munthu akamawerenga, komanso ADHD, limene limalepheretsa mwana kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Buku ankalithawa, koma nthano za Agiriki ankazikonda, ndipo pogona ankapempha bambo ake kuti amusimbire. Usiku wina nthano zinatha. Mwanayo sanagonje. Anawauza kuti apeke yatsopano, bola anthu ake akhale omwewo. Nthano imene inatuluka inatenga masiku pafupifupi atatu kuti ithe, ndipo itatha mwanayo anati ilembedwe. Mu 2005 linatuluka buku lotchedwa The Lightning Thief, ndiye kuti wakuba mphezi.

Percy Jackson ndi mnyamata wa zaka 12 wa ku New York. Sukulu iliyonse imene wapitako amuchotsa. Ali ndi mavuto omwe aja a kuwerenga ndi kusakhazikika. Amakhala ndi mayi ake ndi bambo womupeza, waulesi, wokonda njuga. Tsiku lina ali paulendo wa sukulu kunyumba yosungiramo zinthu zakale, mphunzitsi wake wa masamu akumera mapiko ndi zikhadabo n'kumulumphira. Posakhalitsa Percy akumva kuti bambo ake omubala ndi Poseidon, mulungu wa nyanja, kuti mphezi ya Zeus yabedwa, ndipo chala chikuloza iye. Ali ndi masiku 10 kuti aipeze, apo ayi milungu ithirana nkhondo. Akunyamuka ndi anzake awiri: Annabeth, mwana wa Athena, ndi Grover, mnyamata wa miyendo yambuzi.

Luso la a Riordan lagona pa kupezera chinthu chilichonse chakale keyala yatsopano. Medusa, mkazi wa tsitsi lanjoka amene womuyang'ana amasanduka mwala, ali ndi sitolo ya ziboliboli za m'dimba m'mbali mwa msewu ku New Jersey, ndipo katundu wake ndi makasitomala akale. Ares, mulungu wa nkhondo, amayendera njinga yamoto. Chiron, mphunzitsi wa ngwazi zakale, amene thupi lake ndi la munthu kumtunda koma la hatchi kumunsi, amabisa miyendo inayi m'njinga ya anthu aulumali n'kumaphunzitsa Chilatini. Lupanga la Percy ndi cholembera wamba mpaka atachivundukula. Khomo la kumalo a akufa lili ku Los Angeles.

Chitsanzo chogwira mtima kwambiri ndi cha lotus. M'ndakatulo yakale ya Odyssey, amalinyero a Odysseus anafika kudziko la anthu odya chomera chimenechi, ndipo wolawako ankaiwala kwawo, osafunanso kubwerera. A Riordan anasandutsa dzikolo hotela ya ku Las Vegas yodzaza ndi magemu aulere. Percy ndi anzake akuyesa kuti akhalamo maola ochepa, koma potuluka akupeza kuti papita masiku 5. Mkatimo akukumana ndi mnyamata amene akukhulupirira kuti chaka chidakali 1977. Kholo lililonse limene linaitanapo mwana katatu, iye ali duu pafoni, lamva kale tanthauzo lake.

Ndipo mavuto aja a kusukulu bukuli linawatembenuza. Percy akuuzidwa kuti zilembo za Chingerezi zimamuvuta chifukwa ubongo wake unapangidwira Chigiriki chakale, ndipo kusakhazikika kwake ndi changu cha msilikali pankhondo. Zimenezi ndi zopeka, dokotala sangazivomere. Koma kwa mwana amene wakhala akutchedwa mbuli kuyambira sitandade 1, kuona ngwazi yofanana naye ndi chinthu chachikulu.

Mabuku 5 oyamba anatha mu 2009 ndi The Last Olympian. Anatsatira ena 5 a The Heroes of Olympus, kuyambira 2010 mpaka 2014, amene anabweretsamo Aroma. A Riordan analembanso za milungu ya Egypt ndi ya kumpoto kwa Ulaya. Mabuku awo amasuliridwa m'zinenero zoposa 40. Mafilimu anatuluka mu 2010 ndi 2013, koma mwini nkhani sanabise kuti sanawakonde. Mu Disembala 2023 kampani ya Disney+ inayamba kuonetsa sewero lake la pakanema, iwo ali mmodzi wa olemba.

[NYIMBO YA ZINGWE YA CHIARABU, MASEKONDI 15]

CHIGAWO CHACHITATU: PERSEUS WA KU BAGHDAD

M'nkhanimo, mayi ake a Percy anamutcha dzina la Perseus, ngwazi yakale imene inadula mutu wa Medusa. Perseus ameneyu ali ku Doha.

M'mphepete mwa nyanja, poyambira msewu wa Corniche, pali Museum of Islamic Art, nyumba imene anajambula a I. M. Pei ndipo inatsegulidwa mu 2008. Mwa chuma chake muli buku lolembedwa pamanja ku Baghdad mu 1125. Ndi kope la buku la nyenyezi limene Abd al-Rahman al-Sufi, katswiri wa zakuthambo wa ku Persia, analemba m'Chiarabu cha m'ma 964.

Al-Sufi anatenga magulu 48 a nyenyezi amene Ptolemy uja anandandalika m'buku lake la Almagest. Agiriki ankaona nthano zawo kuthambo: apa Orion mlenje, apo Heracles, uko Andromeda, namwali amene anamangidwa pathanthwe kuti adyedwe ndi chilombo cha m'nyanja, pambali pake Perseus womupulumutsa. Al-Sufi anayang'ananso nyenyezizo ndi maso ake, anakonza zimene Ptolemy analakwitsa pa kuwala kwake, ndipo pambali pa mayina a Agiriki analemba mayina amene Aarabu a m'chipululu ankagwiritsa ntchito. Ndi m'buku lomweli mmene munalembedwa koyamba za kamtambo kakang'ono ka m'gulu la Andromeda, kamene lero kamadziwika kuti ndi mlalang'amba wina wathunthu.

Ojambula amene ankakopera bukuli sankadziwa nthano za Agiriki, kapena sizinkawakhudza. Anthu a kuthambo aja anawaveka mikanjo, nduwira ndi ndolo za kwawo. Perseus anakhalabe ndi lupanga kudzanja limodzi ndi mutu kudzanja linalo, koma mutuwo unasiya kukhala wa Medusa. M'makope ambiri unasanduka wa chiwanda cha m'nthano za Aarabu chotchedwa ghul, chaukali, chandevu. Akatswiri ena a zojambula amati ndevuzo zinachokera ku magazi amene Agiriki ankajambula akuchucha pakhosi. Nyenyezi yowala ya pamutupo mpaka lero dziko lonse limaitcha Algol, kuchokera ku chiwanda chija. Imathima pang'ono n'kuwalanso pafupifupi masiku atatu alionse, chifukwa pali nyenyezi ina yozilala imene imadutsa kutsogolo kwake. Ku Malawi imaoneka chakumpoto, madzulo a mwezi wa Disembala.

Choncho wojambula wa ku Baghdad ndi mphunzitsi wa ku Texas anachita chimodzimodzi. Aliyense analandira Perseus wachilendo n'kumuveka zovala zimene anthu ake akanazizindikira.

Pali china chofunika kudziwa. M'zaka za m'ma 800, omasulira a ku Baghdad monga Hunayn ibn Ishaq anaika m'Chiarabu mabuku ambiri a Agiriki a zamankhwala, masamu ndi nzeru zakuya. Ndakatulo za milungu anazisiya. Iliad ya Homer inadikira mpaka 1904, pamene Sulayman al-Bustani anaisindikiza yonse m'Chiarabu ku Cairo. Ngwazi za Agiriki zinalowa m'Chiarabu kudzera pa nyenyezi, osati pa nthano.

Agiriki eniake anafikanso m'nyanja imene yazungulira Qatar. M'masiku a Alexander Wamkulu, amene anamwalira mu 323 Khristu asanabadwe, zombo zawo zinayendamo. Bahrain, woyandikana ndi Qatar, ankamutcha Tylos. Chilumba cha Failaka ku Kuwait anachitcha Ikaros, dzina la chilumba cha kwawo chimene chimakumbutsa mnyamata wa m'nthano amene anaulukira pafupi ndi dzuwa, phula la mapiko ake n'kusungunuka. Mabwinja a kachisi wa Agiriki akadalipo pachilumbapo.

[NYIMBO PANG'ONO]

CHIGAWO CHACHINAYI: MAFUNSO A MAKOLO

Ku Qatar, dziko la Chisilamu, monganso ku Mangochi, ku Nkhoma kapena ku Ekwendeni, kholo lopemphera limafunsa funso lomwelo: kodi mwana aziwerenga bwanji za milungu yambiri?

Owerenga Baibulo anakumana nayo kale milunguyi. Pa Machitidwe a Atumwi 14, anthu a ku Lustra anayesa Barnaba ndi Zeus, Paulo ndi Hermes. Pa mutu 17 Paulo analalikira ku Athens paphiri lotchedwa dzina la Ares. Pa mutu 19 osula siliva a ku Efeso anachita chipolowe poteteza malonda a Artemis. Wodziwa nthano za Agiriki amamva bwino zimene atumwi ankalimbana nazo.

A Riordan nawo anaiona nkhawayi. M'buku loyamba, Chiron akufunsidwa za Mulungu, ndipo akuyankha kuti imeneyo ndi nkhani ina, sailowamo. Milungu ya m'mabukuwa ndi yansanje, yodzikonda, yotaya ana. Palibe mwana angaimalize n'kufuna kuigwadira. M'mabuku awo a Magnus Chase, onena za milungu ya kumpoto kwa Ulaya ija, amene anayamba mu 2015, muli Samirah al-Abbas, mtsikana wa Chisilamu wovala hijabu, wosala m'mwezi wa Ramadan, amene amaona Odin ndi Thor ngati zolengedwa zamphamvu chabe, osati zoyenera kupembedzedwa. Asilamu ena anakondwa kudziona m'buku lotchuka. Ena anadandaula kuti wolembayo sanamvetse bwino miyambo yawo. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo.

Funso lachiwiri ndi la aphunzitsi. Mu 2014 mayi Rebecca Mead analemba m'magazini ya The New Yorker kukayikira ngati mwana wozolowera nthabwala ndi liwiro la Percy Jackson adzapirire kuwerenga nthano zenizenizo. Otsutsa amayankha kuti ana ambiri amene lero akudziwa alakatuli akale a Agiriki, Hesiod ndi Homer, analowera pakhomo lomweli. Chimene mphunzitsi ayenera kuuza ana ndi chakuti mabukuwa afewetsa zambiri. Nthano zoyambirira zili ndi nkhanza ndi kugwiririra. Kwa wolemba ndakatulo wa Chiroma, Ovid, Medusa anali namwali wokongola amene anachitidwa chipongwe ndi mulungu wa nyanja m'kachisi, koma chilango chinagwera iye. Sewero la 2023 linamupatsa mpata wonena mbali yake.

Funso lachitatu ndi lolemera. M'mabukuwa akuti milungu imatsata kumene kuli mphamvu ya chitukuko cha Azungu: inachoka ku Greece kupita ku Rome, kenako maiko ena a Ulaya, tsopano ili ku America. Buku la al-Sufi lija likuonetsa kuti njirayo yadumpha malo. Kwa zaka mazana ambiri nzeru za Agiriki zinkasungidwa ndi kuwonjezeredwa ku Baghdad, ku Cairo ndi ku Cordoba. Ndipo pamene mtsikana wachikuda, Leah Sava Jeffries, anasankhidwa mu 2022 kukhala Annabeth, anthu ena anamunyoza pa intaneti chifukwa cha khungu lake, mpaka a Riordan analemba poyera kuwadzudzula kuti kumeneko ndi kusankhana mitundu.

[NYIMBO PANG'ONO]

CHIGAWO CHACHISANU: NTHANO ZA ENI NYANJA

Owerenga ankapempha a Riordan kuti alembe za milungu ya India, ya Korea, ya Africa. Iwo anayankha kuti amene anakulira m'miyamboyo ndiwo angalembe bwino. Mu 2018 anayambitsa nthambi yosindikiza mabuku yotchedwa Rick Riordan Presents. Buku loyamba linali Aru Shah and the End of Time la Roshani Chokshi, lochokera m'nthano za Ahindu. Mu 2019 Kwame Mbalia anatulutsa Tristan Strong Punches a Hole in the Sky, mmene muli Anansi, kangaude wochenjera wa ku Ghana. Mu 2021 Sarwat Chadda analemba City of the Plague God, nkhani ya mnyamata wa Chisilamu wa ku New York, wa makolo a ku Iraq, amene akulimbana ndi mulungu wa miliri wa ku Mesopotamia. Kunja kwa nthambiyi, Nnedi Okorafor anali atatulutsa kale Akata Witch mu 2011, ngwazi yake mtsikana wachialubino wa ku Nigeria.

Qatar nayo ili ndi nkhokwe yake. Mafuta asanayambe kugulitsidwa kunja mu 1949, anthu ankadalira ngale. Amuna ankakhala miyezi panyanja m'chilimwe, akumira pansi ndi mwala kuphazi ndi kachopanira pamphuno. Usiku ankaopa Bu Darya, mwini nyanja, munthu kumtunda nsomba kumunsi, amene ankati amakwera m'ngalawa kudzaba ogona. Ena ankati amalira ngati mkazi amene akumira, kuti ofuna kuthandiza atayike. Mgiriki akanamva zimenezi akanakumbuka ma Siren, amene ankakopa amalinyero ndi nyimbo.

Ku Al Khor, kumpoto kwa Doha, amasimba za May ndi Ghilan. Ghilan anali mwini ngalawa zambiri za ngale, mpaka kunabwera mkazi, May, amene opalasa ake anali amphamvu kuposa ake. Tsiku ndi tsiku ankamupitirira n'kumamuseka. Ghilan ataona mapiko a chiwala anapeza nzeru, anaimika mlongoti n'kumangapo nsalu, ndipo thanga la ngalawa linabadwa. Nkhani ya moyo wa ngale ikufotokozedwa mu National Museum of Qatar, imene inatsegulidwa mu Malichi 2019. Mwana amene wamaliza Percy Jackson n'kupita kumeneko sangalephere kudzifunsa kuti Bu Darya akanakhala pati lero, pansi pa doko la Hamad kapena pakati pa zombo za gasi ku Ras Laffan.

[NG'OMA ZA KWATHU, MASEKONDI 15]

CHIGAWO CHACHISANU NDI CHIMODZI: NANGA NAPOLO?

Malawi ndi Agiriki si alendo. Dr Hastings Kamuzu Banda atatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu mu 1981, analamula kuti ana aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Kuyambira 1982 mpaka 1985, mayi Caroline Alexander anakhazikitsa nthambi ya maphunziro amenewa ku Chancellor College ku Zomba. Mayi omwewa, mu 2015, anakhala mkazi woyamba kusindikiza Iliad yonse m'Chingerezi.

Ndakatulo za Homer zisanalembedwe, zinkayenda pakamwa, monga nthano za padangokhala ndi tilitonse. Ndipo zimene zili mkatimo Mmalawi amazizindikira. Hesiod akuti Pandora anaumbidwa ndi dothi ndi madzi; kuno kuli Kamdothi, mwana woumbidwa, amene mdani wake ndi mvula. Kwa Agiriki, moto umene Prometheus anaba unadanitsa anthu ndi Zeus. M'nthano ya Kaphirintiwa ku Dzalanyama, munthu atapeka moto tchire linapsa, nyama zinathawa, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Olympus ndi wotalika mamita 2,918. Sapitwa paphiri la Mulanje ndi mamita 3,002, ndipo anthu a m'mbali mwake amati mizimu imaikira aulendo chakudya, wochipeza adye yekha osaitana mnzake.

Malemu Steve Chimombo anaona kalekale kuti nthanozi zingathe kunyamula nkhani za lero. Sewero lawo la The Rainmaker, la 1978, likunena za Mbona. Mu Napolo Poems, la 1987, ndi The Wrath of Napolo, la 2000, anagwiritsa ntchito chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamukira kunyanja chimagumula nthaka, monga zinachitikira ku Zomba mu Disembala 1946 ndi ku Phalombe mu Malichi 1991. Koma mabukuwa ndi a akuluakulu. A Shadreck Chikoti, ndi buku lawo la Azotus the Kingdom la 2015, komanso olemba monga Muthi Nhlema ndi Ekari Mbvundula, aonetsa kuti Amalawi amatha kulemba nkhani za maiko ongoganizira. Munda wa mabuku a achinyamata, makamaka m'Chichewa, ukadali waukulu.

Wofuna kuulima adziwe kusiyana kumodzi. A Riordan amaseka Zeus momasuka chifukwa akachisi ake ndi mabwinja okaona alendo. Ku Khulubvi m'boma la Nsanje anthu akuperekabe nsembe kwa Mbona. Gule Wamkulu ali ndi zinsinsi za kudambwe zimene eni ake salola kuti zitulukire pabwalo. Ndipo Napolo si nthabwala kwa mabanja a ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe amene anataya abale pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Wolemba ayenera kukhala pansi ndi akuluakulu, afunse zimene zimanenedwa ndi zimene sizinenedwa. Kalulu, fisi, nadzikambe ndi buluzi alibe mwambo woletsa. Amenewo angalowe mu minibasi ya ku Ndirande ngakhale mawa.

[NYIMBO PANG'ONO]

NTCHITO YA SABATA INO

Aphunzitsi a Chichewa ndi Chingerezi, nayi ntchito yoti ana achite ngakhale pasukulu popanda laibulale. Mwana aliyense apite kwa agogo, azakhali kapena wachikulire wa pamudzi, amve nthano imodzi, ailembe monga waimvera, pamodzi ndi dzina la mudzi kumene imasimbidwa.

Akabwera nayo m'kalasi, ayankhe mafunso atatu. Mwini nthanoyi akanakhala ndi moyo lero, akanakhala kuti, ndipo bwenzi akugwira ntchito yanji? Nanga n'chifukwa chiyani anthu odutsa sakumuzindikira? A Riordan anayankha funso limeneli ndi nkhungu yamatsenga imene imaphimba maso a anthu wamba. Mwana apeze yankho lakelake. Pomaliza, ndi mwana uti wa msinkhu wake, wa vuto lotani kunyumba kapena kusukulu, amene akumane naye? Masamba awiri akwana. Amene kulemba kumawavuta aloledwe kusimba pakamwa, mnzawo alembe.

Makolo amene muli ku Doha, ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Lusaka, ntchito yomweyi itheka pafoni: agogo ajambule mawu pa WhatsApp, mdzukulu amvere ndi kulemba.

Nthawi yathera pomwepa.  Tikumanenso sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

[NYIMBO YOTSEKERA]